Pobisala pa a Florentino

Ku Mongue, njinga ikakhota gudumu amapita nayo kwa a Florentino. Iwo amangotsinzina diso limodzi, n'kuzunguza gudumulo kawiri, basi aona sipoko yolakwa. Koma chinthu chimodzi chinawakanika kuwongola kwa zaka makumi awiri: khosi la gitala yawo ya besi, imene ankaimba m'kwaya ya kutchalitchi.

Khosilo linali lamtengo, ndipo linkamva nyengo kuposa mawondo a nkhalamba. Chiperoni chikangotsika m'phiri, lokha linkapindika, nsambo n'kukwera mpaka chala kulowa pansi pake. Analitsendereza ndi miyala, analimangirira pa felemu ya njinga sabata yathunthu, koma ayi ndithu.

Tisanamizane, khosi lopindikalo linkawagwiriranso ntchito. Akaphonya nyimbo ankatembenuka, n'kuliyang'ana ndi diso loipa, kenaka n'kupukusa mutu, kuti aliyense adziwe kuti wolakwa ndi mtengo. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, munthu wamkulu ankati, "Chinyontho chimenechi."

Mayi Anabela, otsogolera kwaya, anafika potopa nazo. "Bambo Florentino, Pasaka wayandikira. Akhristu asonkha kuti mukapeze gitala yosapindika. Nyimbo zikakanikabe kuwongoka, besi tiwapatsa a Leonardo, nawonso amaitha."

Mawuwo anawalasa. Njinga zinkawadyetsa, inde, koma chimene ankadzukira Lamulungu chinali besi.

Loweruka anapalasa ulendo wa ku Milange, akazi awo a Deolinda ali pa kaliyala. Kufupi ndi msewu wa kuboda kunali Renato, wogulitsa mawailesi ndi zoimbira zogwirapo kale. Anawatulutsira mabesi awiri: ina yofiira, yonyezimira, ina yakuda, yokalikakalika.

"Yakudayi, malume, khosi lake si mtengo," anatero Renato. "Amati galafaiti. Kaya mvula, kaya dzuwa, silisuntha. Taonani nsambo mmene zagonera pansi. Mungokhudza, yalira."

A Florentino anatsinzina diso n'kuyang'ana khosilo kuchokera kumutu. Linali lowongoka kuti nyoo. Analowetsa kamtengo ka machesi pansi pa nsambo, ndipo kanadutsa movutikira. M'malo mosangalala, anachita mantha. Atanyamula yofiira ija anapeza kuti yayamba kale kukhota pang'ono, mtima wawo n'kukhala pansi. Anaifungatira nthawi yaitali.

"Komatu yofiirayi ndi yokongola," anatero.

A Deolinda sanakweze mawu. "Abambo ake Suzete, mukugula gitala kapena pobisala?"

Renato anayamba kupukuta wailesi yopanda fumbi. Mutu ukakula sulewa nkhonya. A Florentino anatenga yakuda.

Lachitatu masana kwaya inakumana pokonzekera, kunja kukuwaza chiperoni. Nyimbo ziwiri zoyamba zinayenda bwino zedi. Zala zimene zinazolowera kulimbana ndi nsambo ngati mpini wa khasu zinkangotsetsereka, ndipo a Florentino anasangalala mpaka kugwedeza phewa. Itafika nyimbo ya chopereka, pokhotera kulowa kolasi, besi inalira kwinakwake ngati ng'ombe yosokera. Mayi Anabela anakweza dzanja, onse n'kuti zii.

Mutu wa a Florentino unatembenuka wokha, diso loipa lili lokonzeka kale. Anayang'ana khosilo kumtunda, analiyang'ana kumunsi, koma panalibe pogwira. A Leonardo, amene anali pa benchi yakumbuyo, anayamba kuwongola zala.

Manyazi anawagwira a Florentino mpaka thukuta kutuluka m'nyengo yozizira ija. 

"Ndine, mayi," anatero. "Pamenepa ndimasokera chaka ndi chaka. Sindinapamvetsepo chiyambire. Tandionetsani."

Mayi Anabela anawayang'ana akulimbana ndi phwete.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira mtengo, wosamva n'komwe," anatero. "Kokani mpando mukhale pafupi ndi ine, bambo. Tiyambirenso pomwepo."