Nsalu ya Mayi pa Mzere wa Chimanga

Nsalu ija ndimaiona mpaka lero, ee, ndikatsinzina ndimaiona. Kapulana wa kwathu ku Tete, wofiira psuu, mbalame zachikasu zikuuluka m'mphepete. Pothawa nkhondo mayi anasiya mbuzi, anasiya mtondo, koma nsalu sanasiye. Inkagona pansi pa sutikesi, ikununkha sopo ndi utsi wakale.

Chinali chaka cha chilala chachikulu, ine ndili kamtsikana ka mano ogweluka. Tinali maloja, ochita lendi ku Dzivarasekwa m'dziko la Ashona, chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye, Mshona wa mtima wa mkaka. Mmodzi mwa ana ake anayi ndiye anali mnzanga wa phada. Dzuwa linkaphika malata, mipopi inkangolira mphepo, mimba nazo zinkayankha.

Kenaka kunamveka kuti boma likugawa chimanga chachikasu kuholo. Koma cha eni dziko okha, a chitupa chabwino. Imvani, adzukulu anga! Malume ankanyamula zitsulo m'mafakitale a ku Graniteside mpaka msana kupindika, msonkho nkuwadula mwezi ndi mwezi. Thukuta lawo silinafunsidwe chitupa. Mayi ankachapa matewera a ana a eni dziko, manja awo sanafunsidwe chitupa. Njala yokha ndiyo inafunsidwa.

Mayi wamasiye uja anatimvera chisoni. Anatilembetsa pa khadi lake, nati mayi anga ndi mng'ono wake wochokera kumudzi. "Mungoima pambuyo panga, pakamwa tsekani," anatero. Iye anatsogola m'mamawa kukagwira malo.

Tsono mayi anga, mayi anga okondedwa! Kwathu munthu sapita pamaso pa boma ndi sanza, nkunyoza. Anasamba, anadzola mafuta otsiriza a m'botolo, anatulutsa nsalu ija. Ine ndinavina pambuyo pawo njira yonse, thumba lopanda kanthu lili pamutu. Mayi anga ngati mkwatibwi!

Titafika, mzere wonse unali wa madiresi otuwa, aliyense wavala umphawi wake kuti uoneke. Mayi wamasiye atationa anagwira pakamwa. Amayi ena anayamba kugwirana zigongono. Pa tebulo, mayi anagwada mpaka pansi, nawomba m'manja mwa kwathu. Kalaliki anayang'ana nsalu ya kwathu ija, anayang'ana khadi, nafunsa mayi wamasiye.

"Mng'ono wanu ameneyu nkhondo anaisiya bwanji ku Mosikeni?"

Mzere unaseka, poti ilo ndi dzina lonyozera dziko lathu. Cholembera chinayenda kawiri, kwee, kwee. Anafufuta dzina lathu, ndi dzina la mayi wamasiye pamodzi ndi ana ake anayi.

Lero ndine gogo, chitupa ndinachipeza tsitsi litayera, ndipo ndinachivinira mpaka fumbi kobo! Koma ndikamva anthu pa mjigo akuti obwera asamalandire za boma, akutha chakudya cha ana athu, lilime limandiwawa ngati ndatafuna mankhwala a malungo. Thumba limodzi lija likanagwetsa dziko? Chilala chinatiwotcha tonse, mvula itabwera inatinyowetsa tonse.

Tinabwerera chimanjamanja, amayi awiri aja wina mbali iyi ya msewu, wina mbali iyo. Ine ndinkaganiza kuti chimanga changotha, mawa chibweranso. Masana omwewo ndinajambula phada pabwalo, nkuitana mnzanga. Sanatuluke. Mawa lake sanatuluke, sabata yonse chitseko chili chotseka, mng'ono wake akulira m'katimo.

Ndinapita pa zenera lawo, nkunong'ona kuti, "Tuluka, iwe. Lero ndikulola undipambane."