Ng'ombe za Amalume

Tsiku logawa katundu wa malemu amalume ndinanyamuka ku Chiosya nditamangirira chingwe chatsopano pakaliyala. Chinali chokokera ng'ombe. Ndinachibisa m'thumba la feteleza, koma nditafika ku Kapondo, pakhomo pamasiye penipeni, mphira unaduka, thumba linagwa, chingwe n'kutuluka pamaso pa abale onse amene anakhala pansi pa mango. Palibe anaseka. Akazi a amalume anachiyang'ana, anayang'ana kukhola, kenako anandilonjera bwinobwino.

Sindinkadziona ngati wakuba. Kwathu kuno, kuyambira kale, zimene mwamuna wasiya zimapita kwa ana a mlongo wake, ndipo mphwawo wamkulu ndinali ine. Amalume anasiya ng'ombe ziwiri zapagoli ndi ngolo. Anasiyanso mkazi ndi ana anayi. Ngoloyo ndi imene inkawatutira mtedza kupita ku Kamwendo, inkagwira maganyu a njerwa ndi mchenga, ana n'kumadya. Zonsezi ndinkazidziwa, kungoti ndinkazikumbukira mwa apo ndi apo, ngati dzino limene silinayambe kuwawa.

Nkhani anaitsegula amalume aang'ono, mng'ono wa malemuwo. Anatchula makasu, wailesi, mabulangete. Atafika pa ng'ombe anandiyang'ana, ine n'kutsokomola mwaulemu.

Apo mayi amasiye aja anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa pepala lopindapinda. Anati anawapatsa kuboma, atapita kukanena za imfa ya amuna awo.

"Ine maso ndili nawo koma sukulu ndilibe," anatero. "Paja owerenga pamtundu pano ndinu, bambo. Tatiwerengerani."

Sukulu inenso ndinalekezera sitandade 3. Zinazo ndinaphunzira ndekha, pa nyuzipepala zokulungira usipa ndi pa mabotolo a mankhwala a fodya. Ndipo ndili ndi matenda: pepala likafika m'manja ndimaimirira, ndimakonza kukhosi, n'kuwerenga mpaka dzina la amene anasindikiza. Ndinaimirira.

Linali la m'Chichewa. Linkafotokoza kuti lamulo la chuma chamasiye linasintha. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira iyeyo. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiye. Maso anga anathamangira mzere wotsatira pakamwa pasanafikepo, ndipo unkanena kuti kulanda katundu wamasiye ndi mlandu, munthu atha kulowa nawo m'ndende. Ndikanaulumpha, pagulu lonse lija panalibe akanadziwa. Koma kulumpha mzere sindinachitepo, ngakhale kutchalitchi pa mayina ovuta aja a uje anabala uje. Ndinauwerenga mokweza, mawu akutuluka bwino ndithu.

"Tabwerezani pamenepo," anatero mayi aja.

Ndinabwereza.

"Nanga za ana a mlongo alemba pati?" anafunsa amalume aang'ono.

Ndinatembenuza pepala. Kumbuyo kunali koyera.

"Zimenezi n'za anthu a m'tauni," iwo anatero, ena n'kuvomereza. Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, aliyense akukumbutsa mmene makolo ankachitira, koma palibe anadzuka kukatsegula khola. Ng'ombe zinatsala, ngolonso inatsala. Ine ndinalandira jekete la malemu, lalitali manja, ndipo ananena kuti ndilitenge ndi mayi aja.

M'mawa mwake ndikukonza chigafa cha fodya kunyumba, anabwera bambo oyandikana nawo nyumba, mkamwini mnzanga pamudzipo, wokulirapo pang'ono. Nkhani inali itafika kale. Anandigwirira mtengo.

"Achimwene, ndamva munakawerenga mokoma," anatero. "Pepalalo mukabwereke, Loweruka mudzawerengenso kwathu, mokweza chomwecho. Pali mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga, masiku ano sachedwa kubwera kudzafunsa kuti ndadzuka bwanji. Amafunsa ine, koma maso ali pa malata."