Khosi la ngolo ya boti

Ndinagwira ntchito zaka zambiri ku Area 9, pa nyumba ya mpanda wautali. Anandilemba ngati wosamala maluwa, koma chimene chinandisunga pamenepo sichinali maluwa kapena kapinga. Inali ngolo yonyamulira boti. Ine wa ku Mitundu, amene nyanja ndimangoimva m'kamwa mwa anthu mpaka lero, ndinkadziwa ngolo imeneyo kuposa mmene ndimadziwira msana wanga.

Abwana anali munthu wopuma pa ntchito. Anagula boti loyera pamodzi ndi ngolo yake kuti azipita ku Salima kukawedza. Ngoloyo inali yaitali kuposa galaja, choncho chitsulo chake chakutsogolo, chokolekera kugalimoto, chinali chopinda. Ukazula pini wamkulu, chitsulocho chinkakhotera kumbali ndipo chitseko cha galaja chinkatsekeka. Iwo pa Chingerezi ankati ndi lilime. Ine ndinkaseka chamumtima. Lilime lanji lotalika ngati munthu? Kwa ine linali khosi, ndipo m'kupita kwa nthawi nawonso anayamba kunena kuti khosi.

Ndiwo anandiphunzitsa zonse, ndipo sankaphunzitsa mwaulemu ayi. Akabwera kuchokera kunyanja ndinkatsuka mawilo ndi madzi a pampopi kuti mchenga ndi matope zisaumire m'mabuleki. Ndinkakweza ngolo pa jeke, n'kuzunguza tayala lililonse ndi dzanja, khutu lili tcheru kumvera ngati pali chokhula. Ndinkatsegula kachivindikiro ka pakhosi kuona ngati mafuta a mabuleki sanatsike. Mabuleki ake anali odzigwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo inkakankha kutsogolo, chitsulo cha pakhosi n'kulowa mkati, n'kukankha mafuta mpaka kumawilo. Chitsulo chimenecho chikachita dzimbiri, ngolo imatha kukankhira galimoto kuphompho potsetsereka. Pomaliza ndinkapaka girisi polumikizira khosi ndi pa pini, n'kuonetsetsa kuti mawaya a magetsi asapanidwe popinda.

Tinkakhala m'kanyumba ka antchito kuseri, zipinda ziwiri, ine, mkazi wanga ndi mwana wathu wamkazi yemwe anali ku sekondale. Kwina kopita kunalibe. Munda wa amayi anga amalume anagulitsa kalekale kwa anthu a m'tauni, ndipo kwawo kwa mkazi wanga abale ankatukwanizana chifukwa cha mizere yowerengeka. Kanyumbako ndiye kanali kwathu, ngakhale kuti khoma lake silinali lathu.

Kenako abwana anadwala, nafa ziwalo mbali imodzi. Boti silinatulukenso. Mwana wawo wamwamuna anabwera kuchokera kunja kudzakonza za pakhomo, ndipo kukonza kwake kunali kuchotsa anthu. Mlonda anayamba ndiye, m'malo mwake anaika kampani ya alonda. Ndinamuthandiza mlondayo kumanga katundu panjinga ndikudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kapinga anamuzula, pabwalo ponse n'kuyala njerwa za simenti. Tsiku lina ndikuthirira timaluwa totsala, ndinamva mwanayo akuuza amayi ake pakhonde kuti wa maluwa alibenso ntchito.

Abwana anali pampando wawo pomwepo. Mawu ankatuluka movutikira, mlomo utapotoka, koma ndinawamva bwinobwino.

"Nanga ngolo yanga?"

Ndi mawu amenewo ndinatsala.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkatulutsa ngolo pabwalo, abwana ali pakhonde, bulangeti lili pamaondo. Ndinkawongola khosi, kulowetsa pini, kukweza jeke, kuzunguza matayala. Iwo ankaloza ndi dzanja lamoyo lija, nthawi zina n'kukalipa kuti girisi wachepa. Mabuleki a ngolo yosapita kulikonse! Ndinkapsa mtima, ndisaname. Ndinali bambo wa mwana wamkulu, koma moyo wa banja langa unali pa chitsulo chimene ntchito yake yeniyeni inatha. Komabe ndikaona mavu atamanga m'khosi muja, ndinkawachotsa mwachangu ngati amanga m'nyumba mwanga.

Girisi ndi mafuta a mabuleki ndinkakagula ku Area 1, m'timashopu ta zida za galimoto, kumene munthu umayenda chammbali chifukwa cha chipwirikiti. Wogulitsa wina anandizolowera.

"Achimwene a boti afika! Lero nyanja yake ndi iti, ya Lingadzi?"

Anzake ankafa nazo kuseka. Inenso ndinkaseka nawo, n'kulandira chitini changa, n'kukakwera minibasi.

Abwana anamwalira nyengo yozizira. Maliro atatha, alendo atabalalika, nyumba inangoti zii. Pasanapite nthawi amayi a pakhomopo anandiitana n'kundiuza kuti boti ndi ngolo akuzitsatsa. Tonse tinkadziwa chimene sichinanenedwe.

Nditamuuza mkazi wanga, anasiya kuchapa n'kundiyang'ana.

"Inu abambo, ndiye mukupakiranji girisi? Isiyeni ichite dzimbiri. Mabuleki akagwirana, pini akakana kutuluka, angagule ndani? Ikhala pompo, ifenso tikhala."

"Ndikaisiya, amayi aja aona kuti palibe chimene ndikuchita. Andichotsa mawa lomwe."

"Mukaisamala?"

"Aigula."

"Ndiye mukudzikumbira nokha dzenje."

Sankanama. Ndinagwira njakata. Ngolo ikaonongeka ndinali wopanda ntchito, ikakhala bwino inali yopita. Pa masiku awiri ochotsedwera ntchitowo, ndinangosankha lakutali. Koma ndinalinso ndi kachiyembekezo kopusa kamene sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti wogulayo akaona mmene ngolo ilili, adzafunsa kuti amaisamala ndani, ndipo mwina adzati ndipite nayo limodzi. Munthu madzi akafika m'khosi amagwira ngakhale udzu.

Choncho Loweruka lililonse ndinkatulutsabe ngolo. Pakhonde panalibenso wondikalipira. Mkazi wanga ankadutsa ndi ndowa osandiyang'ana, ndipo mwana wathu anasiya kundifunsa ngati chaka chamawa adzakhalabe pa sukulu yomweyo. Ogula awiri anabwera n'kubwerera, wina akuti boti ndi lakale, wina akuti injini. Aliyense akatuluka pageti ndinkapuma ngati ndatula thumba la chimanga, kenako n'kukumbukira kuti kubwera wina.

Wachitatu anabwera m'mawa wina ndi galimoto yaikulu yoyera. Anali bambo wonenepa, wansangala, wa malo ogona alendo kunyanja. Boti analiyang'ana pang'ono chabe. Anati vuto lake ndi ngolo, chifukwa ngolo zokhalitsa zimakhala zitafa mabuleki, ndipo iye sakufuna kukagwa nayo m'mapiri a msewu wa Salima. Akapeza chovuta sagula.

Amayi anandikodola. Ndinatsegula galaja. Ndinagwira khosi n'kulikankha, ndipo linawongoka mosalira ngakhale pang'ono. Pini analowa ndi zala ziwiri. Bamboyo anagwada, natsegula kachivindikiro, naona mafuta. Anandiuza kuti ndikweze jeke, nazunguza tayala, namvetsera. Kenako tinakoleka ngolo kugalimoto, iye nayendetsa pang'ono pabwalo n'kuponda buleki mwadzidzidzi. Ngolo inaima nji, osagwedezeka. Mumtima mwanga munali zinthu ziwiri nthawi imodzi, kunyada ndi mantha, ndipo mantha ndiwo anali aakulu.

Anatsika akuseka.

"Amayi, ngolo iyi ili ngati yatsopano! Amaisamala ndani?"

"Ndi awa," anatero amayi, akundiloza.

Funso lija linafika ndithu. Ndinavula chipewa. Ndinayamba kufotokoza za kutsuka mawilo, za mawaya, za mavu, mawu akuthamangitsana. Ndinati ngolo imeneyi imafuna munthu woidziwa, ndipo ine ndilibe chondimanga ku Lilongwe. Iye anandimvera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, kenako anandigwira paphewa.

"Mwagwira ntchito, madala. Musadandaule, kwathu kuli anyamata ambiri, aphunzira."

Anandipempha chitini cha girisi chotsala, ndipo ndinakamutengera. Ndinamanga zingwe za boti, ndinayesa magetsi akumbuyo, ndinamutsegulira geti n'kumuimitsira magalimoto pamsewu kuti akhote bwino. Ngolo inatuluka mwakachetechete, ndipo ndinaiyang'ana mpaka inakhota pakona.

Nditatseka geti, amayi anali ataima pakhonde. Anandithokoza kwambiri, maso ali pansi, nati popanda ine sakanagulitsa. Kenako anati mwana wawo wapeza anthu ofuna kuchita lendi kanyumba kakuseri, ndipo akufuna kupentamo mwezi ukatha. Anafunsa ngati ndingawapentere ndisanapite. Ndinati ndipenta.

Kuseri ndinapeza mkazi wanga atakhala pakhomo, akukulunga makapu m'zitenje n'kumaika m'ndowa. Palibe amene anali atamuuza kanthu. Sanadzutse mutu.

"Mabuleki agwira?"

"Agwira," ndinatero.