Njanji ya Ba Oswell

Ba Lukonde, mayi wamtali uja wogulitsa salaula, zovala zakale zija, kumsika wa Kamwala, sanali munthu wa zibwana. Anachokera ku Mansa ali mtsikana, nakwatiwa ku Kabwata ndi Ba Oswell, kalaliki wofatsa ngati nkhosa. Ntchito inawathera bambowo m'zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa. Anzawo anathawira ku mowa. Iwo, ati, anathawira ku tisitima ta ana!

Anawakopa ndi Ba Gilson a ku Woodlands, mkulu wa mpingo wawo, amene anali ndi kasitima kamagetsi kosaposa chikhatho. Azibambo angapo anapangana kuti aliyense akonze thabwa lake kunyumba, lalitali ngati chitseko, akhomepo tinjanji, timapiri ndi tinyumba. Lamulo linali limodzi: kumapeto kwa thabwa njanji ikhale pa muyeso wofanana, kuti tsiku lokumana matabwa alumikizane, sitima ichoke kwa uyu ilowe kwa uyo.

"Imwe, manje tizadya njanji?" ankatero Ba Lukonde akapeza siponji yawo yotsukira mbale yaduliridwa mitengo, utuchi wopaka utoto uli mbwee pabalaza. Ankalalata, inde, koma tizidutswa ta nsalu topangira makatani a kasiteshoni ankabweretsa ndi iwo omwe. Ankamukonda mwamuna uja, Mulungu akudziwa.

Kenaka matenda anabwera. Ba Oswell anaonda, manja anayamba kunjenjemera, koma njanji yomaliza anakakamira kukhoma okha, atatsamira khoma, thukuta lili kamukamu. Atatha anagwira mkazi wawo dzanja.

"Ukapeleke thabwa ili kwa Ba Gilson. Sitima ipitepo, olo kamozi chabe."

Anamwalira nyengo yozizira. Maliro asanazizire n'komwe, achibale a mwamuna anafika ndi lole. Firiji, bedi, mipando, mpaka mapoto, anthu opanda manyazi! Thabwa lokha ndilo analikankha ndi phazi. "Ivi vidoli sungani, mulamu," anatero mkulu wake wa Ba Oswell.

Lamulungu lina Ba Lukonde analikulunga m'chitenje. Makondakitala a minibasi anakana kulikweza, ndiye analisenza pamutu, wapansi mpaka ku Woodlands, anthu akucheuka. M'holo ya mpingo anapeza matabwa a azibambo ena atandandalika kale pamatebulo. Onse anaimirira, zipewa m'manja, ndipo la Ba Oswell analimangirira kumapeto.

Ba Gilson anayatsa magetsi. Kasitima kananyamuka, kanadutsa mlatho wa wina, munda wa wina, kakulira mokoma. Ba Lukonde ankakatsatira ndi maso. Katafika polowera kwa Ba Oswell, kanagunda, gwa! n'kugwa cham'mbali.

Anayesanso. Chimodzimodzi. Ba Gilson anawerama, napapasa polumikizira. Njanji yomaliza ija inali itapatuka pang'ono, mwina ngati chikhadabo. Manja onjenjemera aja anali ataphonya muyeso.

"Musadandaule, amayi," anatero Ba Gilson akutenga pulayala. "Tizazula tumisomali utu, tikhome bwino. Ni nchito ing'ono."

Ba Lukonde anayang'ana timisomali topindikato, tina tokhomedwa kawiri, ndi mabala a hamala pamene inkaphonya. Nyumba yonse inapita pa lole. Chimene chinatsala chosonyeza kuti munthu uja anakhalako ndi kupindika komweku.

"Ayi," anatero, atagwira mkono wa Ba Gilson. "Musazule. Anakhoma yeka."

"Koma sitima siizapita, amayi."

Ankadziwa. Iii, zinawawa! Akazula, mwamuna wawo achoka pathabwapo. Akasiya, pempho lake lafera pomwepo. Analira mokweza, osabisa, mayi amene Kamwala yonse inali isanaonepo msozi wake.

Kenaka anapukuta m'maso ndi chitenje, natola kasitima kaja, nakakhazika okha pa njanji ya Ba Oswell. Magetsi sankafikako. Anakakankha ndi chala, pang'onopang'ono, kudutsa mitengo ya siponji, kudutsa kasiteshoni.

"Yapita, Oswell," ananong'ona. "Waiona? Yapita."