Chilumba Chokulungira Mandasi

Mpaka lero ndikamva fungo la mandasi otentha, m'mutu mwanga mumadutsa ngalawa. Chinali chilimwe ku Kawale, fumbi likulowa mpaka m'mano, pamene ndinaona buku lina patebulo la amake Yamikani, oyandikana nafe nyumba, omwe ankakazinga mandasi pamphambano. Linali buku lachizungu lopanda chikuto, lomwe amuna awo anatola kumayadi komwe ankalondera, ndipo ntchito yake inali imodzi basi: kukulungira malonda.

Chizungu changa chinali chotsimphina miyendo yonse, komabe ndinatolamo zokwanira kundisowetsa mtendere: mapu a chuma chokwiriridwa pachilumba, ndi achifwamba a panyanja yamchere omwe ankaseka nawe m'mawa n'kukukonzera chiwembu madzulo. Masamba oyambirira ankasimba za mlembi wake, munthu wodwaladwala chifuwa kuyambira ali mwana, yemwe ankalota maulendo ali chigonere pabedi. Ndinamumvera chisoni ngati mbale wanga, poti inenso madzi aakulu omwe ndinkawadziwa anali mtsinje wa Lilongwe ukadzaza.

Vuto linali lakuti mayiwo ankang'amba masamba kuyambira kumapeto, pomwe ine ndinkawerenga kuchokera kumayambiriro. Ndikaweruka kusukulu ndinkawatungira madzi, kuwakupizira mbaula, kenako n'kukhala panjerwa, chala chikuyenda pamzere ngati bilimankhwe. Zomwe ndamva ndinkawamasulira m'Chichewa, ndipo pomwe sindinamve ndinkaikapo zanga. Wogula aliyense anali mdani wanga, makamaka amisiri omanga nyumba omwe ankabwera gulu.

"Fulumirani aphunzitsi," ankatero mayiwo, "mandasi sadikira chizungu."

Koma ataona buku likuonda, anayamba kugawa tsamba limodzi pawiri. Ogula akadandaula kuti mafuta akuwathimbirira m'manja, ankangowauza kuti anyambite, mafutawo ngaulere. Masiku ena ankakulungira m'mapepala a matumba a simenti. Ngakhale zinali choncho, tsiku linafika loti ine ndi iwo tinakumana pakati. Achifwamba anali atazinga linga la anthu abwino, ndinatembenuza tsamba, n'kungoona mawondo anga otuwa. Mayiwo anandipatsa mandasi m'manja osakulunga, n'kufunsa motsitsa mawu, "Ndiye chumacho anatenga ndani?"

Ndinakanda m'mutu, n'kuwauza kuti achifwamba onse anamira, ndipo bokosi la golide linakokoloka mpaka linatoledwa ndi mayi wina wogulitsa mandasi. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Nditakula ndinalipeza bukulo lathunthu kwa mavenda m'tauni, ndipo ndinalimaliza nditaimirira pomwepo, mwini wake akundiyang'ana moipidwa. Mlembi uja anamaliza bwino kuposa ine, sindikana. Ndinakwera minibasi ya ku Kawale kuti ndikawauze mayi aja zoona zake, koma pamphambano ndinapeza mtsikana wina akuthira mandasi m'majumbo apulasitiki. Anati amake Yamikani anaikidwa kalekale kumudzi kwawo. Ndinabwerera buku lili kukhwapa, n'kumadzitonthoza kuti anapita akudziwa kuti chuma chija chinali chawo.