Dzina Limene Tinkaopa Kutchula

Mayi oyandikana nawo nyumba amagulitsa zinanazi pa msika wa Chinakanaka, ndipo akamaseka amamveka mpaka tsidya la msewu. Napolo atatsika m'phiri anakokolola ana awo onse awiri, Esteri ndi mlongo wake. Maliro atatha tinasiya kuwaitana kuti amake Esteri, poopa kuwakumbutsa. Tinkangoti "mayi".

Tsiku lina akundisendera chinanazi, anaika mpeni pansi n'kundiyang'anitsitsa.

"Achimwene, mwandilandiranji dzina langa? Madzi anatenga ana, koma kubereka ndinabereka. Mulungu anandipatsa anawo, ndinawayamwitsa, anandisekerera. Ine ndimathokoza."

M'mawa mwake ndinalimba mtima n'kukuwa ndili chapatali, "Amake Esteri, mwadzuka bwanji?"

Anaimirira, n'kuyankha mokweza mpaka msika wonse unacheuka.

"Ndadzuka, achimwene! Itananinso!"