Goloboyi Wotola Miyala

Bambo oyandikana nafe nyumba amatola miyala. M'mawa uliwonse amazungulira bwalo la mpira la kuseri kwathuku, mutu uli pansi, n'kumaponya timiyala kunja kwa mzere. Akapeza kadzenje amakakwirira ndi chidendene. Palibe amene anawatuma. Ukawapatsa moni amangoti, "Ife tadzuka, koma bwaloli ayi."

Paunyamata wawo anali goloboyi, ndipo amene anawaonerapo amati chaka chinachake panalibe timu yomwe inachinyidwa zigoli zochepa ngati yawo. Koma pamasewero omaliza olimbirana chikho, mpira wofooka, woti ndi mwana yemwe akanaugwira, unagunda kamwala n'kuwadumpha paphewa. Chikho chinapita. Lero anthu anaiwala mipira yonse imene bambowa anagwira, amangokumbukira umodzi wokhawo.

Tsiku lina mkamwini wawo, munthu wabwino mtima amene sachoka pa ziwerengero za mpira za pafoni, anafuna kuwatonthoza. Ine ndinali pakhonde pomwepo.

"Bambo, akatswiri amati masewero amodzi sayeza luso. Mukanabwereza kakhumi, kasanu ndi kanayi chikho chikanakhala chanu. Linali tsoka chabe."

Bambowo anasisita bondo lawo lotupa.

"Ndamva, mwana wanga. Nanga kasanu ndi kanayi kameneko tidzasewera liti?"

Mkamwiniyo anabweza foni m'thumba. M'mawa mwake kunali mvula yowaza, koma bambowo ndinawaona pabwalo paja, atawerama pafupi ndi golo, akufukula kamwala ndi chikhadabo.